Makina sadziwa Lamulungu: kodi ndasiya kupembedza?

Makaniko wa ku Domwe

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga pano, lero ndati nane nditule yanga.

Kwathu ndi ku Domwe, ku Angonia m'dziko la Mozambique, koma umphawi unandithamangitsira kuno ku Moatize komwe ndimakonza magalimoto akuluakulu a ku mgodi wa malasha. Timagwira mosinthana, ena usana ena usiku, ndipo makina sadziwa kuti lero ndi Lamulungu. Foliga, tsiku lopuma lija, ikagwera Lachiwiri, ndiye Lachiwiri lomwelo, palibe zokambirana. Mwezi umatha ndisanaponde pakhomo la tchalitchi. Chikhalirecho ndinakulira mu mpingo wa Igreja Reformada, kalasi ndinaphunzira mpaka kulowa mgonero, ndipo amayi anga ndi a Chigwirizano, aja osajomba ngakhale mvula igwe bwanji.

Ndikawaimbira foni, moni asanathe n'komwe amafunsa kuti, "Kodi kumeneko ukupembedza?" Ine ndimati eya. Ndipo sindiona ngati ndikunama: m'foni mwangamu mwadzaza nyimbo zauzimu, ndimamvera m'basi popita ku ntchito, ndipo ndisanagwire sipanala ndimayamba ndapemphera. Iwo amangoti, "Kumvera nyimbo ngakhale wa ku mowa amamvera, mwanawe."

Palinso china chimene sindinawauze. Foliga ikandikomera, mnzanga wina amanditengera ku tchalitchi chawo cha Pentekosite mu bairo, m'dera mwathu muno. Kumeneko louvor yokha, nthawi ya nyimbo zotamanda ija, imatha ola lathunthu: kiyibodi, ng'oma zachizungu, masipika mpaka malata kunjenjemera. Zambiri amaimba m'Chipwitikizi ndi m'Chinyungwe, mawu ena sindiwamva n'komwe, koma thupi limachita tsemwe, misozi n'kumangotsika yokha. Ndimatuluka nditapepukidwa. Tsono mu Juni ndinakwera chapa, minibasi ija, kupita kumudzi, Lamulungu n'kukalowa m'tchalitchi chathu chija. Kuzizira kwa ku Angonia mukukudziwa. Aliyense wadzikulunga, nyimbo ya m'buku ikukokedwa pang'onopang'ono, mawu onse ndikuwamva bwinobwino poti ndi Chichewa changa, koma mumtima zii. Ulaliki uli mkati ndinapezeka ndikuwerengera mtengo wa feteleza wa mbatata ya kachewere.

Ndiye tsiku limenelo ndinapembedza, kapena ndinangotenthetsa benchi? Nanga kuja ndimalira koma mawu osawamva, n'kupembedza kumeneko? Ndipo za ine ndekha ndi foni yanga m'basi, Mulungu amaziwerengera? Ndithandizeni, musandinyengerere.

Mkulu wa mpingo, Ulongwe

Mwana wanga, wafunsa bwino, ndipo poti wati tisakunyengerere, sindikunyengerera. Wondilembera ndi mdzukulu wanga, ine tizilembo ta pafoni sinditiona.

Ndiyambe ndi mbiri ya mpingo wako womwewo, chifukwa achinyamata ambiri simuidziwa. Amishoni a Dutch Reformed atatsegula Mphatso ndi malo ena kuno kwathu, sipanapite zaka zambiri, mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka mishoni zonsezo. Kwa zaka pafupifupi 50 Akhristu anatsala okha. Ankasonkhana m'nyumba mosaonetsera, ndipo ikafika nyengo ya ubatizo kapena mgonero ankadutsa malire wapansi kupita ku mipingo ya ku Nyasaland, monga ku Mlanda. Bambo anga ankasimba kuti ankanyamuka tambala woyamba, kamba wa mbatata yootcha ali m'thumba, amayi mwana ali kumsana. Tsono dzifunse wekha: ankakatenga chiyani kumeneko chimene kumudzi kunalibe? Kuimba ankatha kuimba akulima. Kupemphera ankatha kupemphera pamphasa pawo. Ankatsata Mawu olalikidwa ndi gome la Ambuye, pamodzi ndi anzawo. Sindinawamvepo akunena kuti ulendowo unapindula chifukwa thupi linachita tsemwe.

Iwe waika muyeso pa zimene ukumva m'thupi, ndipo muyeso umenewo ukunamiza konsekonse, ku Moatize ndi ku Domwe komwe. Kupembedza sikuyambira mwa ife. Woyamba kulankhula ndi Mulungu, ife timangoyankha. Tayang'ana dongosolo la mapemphero amene unawaona ozizira aja. Atiitana ndi mawu a m'Baibulo, ife tiyankha ndi nyimbo. Awerenga Malamulo, ife tiweramitsa mitu kuulula zochimwa zathu, kenako timva za chikhululukiro. Mawu alalikidwa, tiyankha ndi pemphero ndi chopereka. Pomaliza mdalitso, n'kutitulutsa kunja kuti tikachite zimene tamva. Akuluakulu sanangozipeka zimenezi. Ukawerenge Yesaya 6: mneneri aona Yehova pa mpando wachifumu, alira kuti tsoka kwa ine, khala lamoto likhudza milomo yake, kenako amva funso loti atumidwe ndani, iye n'kudzipereka. Mantha anamva ndithu, thupi linanjenjemera, koma nkhaniyo sinathere pamenepo. Inathera pa kutumidwa.

Za mtima wa zii, usadandaule kwambiri. Salmo 88 imayamba ndi kulira n'kukathera mu mdima, ndipo woiimba akudandaula kuti Mulungu wamubisira nkhope. Koma ili m'buku la nyimbo za Aisraeli. Ndiye kuti munthu atha kuima pamaso pa Mulungu mtima uli gwa, n'kumuuza zoona kuti mtima wanga uli gwa, ndipo kumeneko n'kupembedza. Nsima imene unadya Lachitatu lapitali sukuikumbukira kukoma kwake, koma ndi yomwe inakupatsa mphamvu zomasulira mabawuti. Maulaliki ambiri amene anandisunga ine mu nthawi ya nkhondo sindingakuuze kuti analalika ndani.

Koma za fetelezazo sindikukhululukira msanga. Unayenda ulendo wonsewo, kudutsa pa Mussacama, kukwera mapiri onse aja, kuti ukawerengere matumba pa benchi? Maganizo kuthawa amathawa kwa tonse, ine ndimwe. Akathawa umawagwira n'kuwabweza, kapena fetelezayo umamuika m'pemphero, poti naye ndi nkhawa yeniyeni.

Tsono za foni. Yesu anauza mayi wa ku Samariya pachitsime kuti nthawi ikudza imene anthu sadzalambira Atate m'phiri lija kapena m'Yerusalemu, koma mumzimu ndi m'choonadi. Ndiye m'basi mwakomo Mulungu akumva, amayi ako pamenepo alimbitsa mawu mopitirira. Koma Baibulo lomwelo, pa Ahebri 10:25, likuti tisaleke kusonkhana kwathu pamodzi monga amachita ena. Foni singakunyemere mkate. Foni sidziwa kuti sabata ino sunabwere, ndipo ukagona ndi malungo m'kachipinda kako ka lendi sibwera kudzakuzonda. Komanso pa foni umasankha wekha nyimbo yokukomera, ikakutopetsa n'kudumpha. Mu mpingo umamva ndi zimene sunafune kumva.

Mtsikana wa kiyibodi, Matundo

Agogo, zikomo, zambiri mwanenazo ndavomereza. Koma mundilole ndiikire kumbuyo louvor pang'ono, chifukwa anthu a m'matchalitchi a mabuku mumakonda kutitenga ngati ife timangosokosera.

Ine ndine Mngoni wa ku Tsangano. Kwathu ngoma ikalira, agogo aamuna a zaka 70 amaponda pansi fumbi n'kukwera, ndipo palibe amati apenga. Ndiye zikhala bwanji kuti thupi lomwelo likalowa m'tchalitchi liziuma gwa, ngati chimwemwe n'cha kunja kokha? Davide anavina ndi mphamvu zake zonse pamaso pa likasa, ndipo amene anaipa pa nkhaniyo ndi Mikala amene ankamunyoza ali pazenera, osati Davideyo. Zili pa 2 Samueli 6. Salmo 150 imatchula lipenga, zeze, lingaka, nsanje zomveka, mpaka kuvina. Achimwene, misozi yanuyo musachite nayo manyazi. Mwina sabata yonse mumangomva kukalipa kwa akapitawo ndi kulira kwa injini, ndiye pamenepo ndi pokhapo pamene mtima umamasuka.

Koma ndikuuzeni chinsinsi cha ife oimba. Ndimadziwa pokanikiza kuti anthu ayambe kulira. Ukatsitsa mawu, n'kubwereza mzere umodzi kasanu, ng'oma n'kulowa pang'onopang'ono, holo yonse imagwa, ngakhale iwe woimbawe m'mawa mwake unatukwanana ndi mlamu wako ndipo simunapepesane. Ndiye tsemwe lokha si umboni woti Mzimu wafika.

Tsiku lina tili pa vijiliya, mapemphero a usiku wonse aja, magetsi anathima. Inde, ngakhale damu la magetsi la Cahora Bassa lili konkuno ku Songo, amathima ndithu. Kiyibodi zii, masipika zii. Anthu ambiri anangokhala pansi n'kutulutsa mafoni, kudikira kuti "kupembedza kuyambirenso". Mayi wina wogulitsa tomato ndi amene anayambitsa kolasi ya Chinyungwe ndi m'manja mokha, ena n'kumutsatira. Kuyambira pamenepo ndimauza gulu langa kuti mwezi uliwonse tiziyeserera tsiku limodzi popanda zida. Paulo ndi Sila ku ndende ya ku Filipi ankaimba pakati pa usiku, misana ili mabala okhaokha, mapazi ali m'zigologolo, ndipo kunalibe sipika.

Chinanso, achimwene: ngati mawu a nyimbo simukuwamva, funsani mnzanu uja akumasulireni. Paulo yemweyo anati adzaimba ndi mzimu, adzaimbanso ndi chidziwitso. Osamangoti amen pa zimene simukuzidziwa.

Katekista wa ku Lifidzi

Atamandike Yesu Khristu. Ine ndine Mkatolika, ndiye ndilankhula za kwathu, inu mutolepo zokuthandizani.

Kwa ife pakati penipeni pa chipembedzo ndi Misa, chifukwa timakhulupirira kuti m'menemo Khristu mwini ndiye amadzipereka kwa Atate, ife timangolowa m'nsembe yakeyo. Choncho Misa sichepa mphamvu chifukwa kwaya yaphonya kapena ine ndabwera nditatopa. Apa ndikugwirizana ndi akulu a ku Ulongwe, ngakhale pa za mkate ndi chikho timasiyana, ndipo si pano pokambirana zimenezo.

Vuto lanu losowa mpata nafenso tinalidziwa, mwa mtundu wina. Ufulu utabwera mu 1975, boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ansembe ambiri anachoka. Mu 1977 Mpingo unachita msonkhano waukulu ku Beira n'kugwirizana kuti moyo wa Chikhristu ukhazikike m'magulu ang'onoang'ono otsogozedwa ndi Akhristu eni ake. Nkhondo itakula zinafika poipa. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri Achijezuiti, bambo João de Deus Kamtedza ndi bambo Sílvio Moreira, anatengedwa usiku ku Chapotera n'kuphedwa. Midzi yambiri inakhala zaka osaona Misa, ena tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992. Koma Lamulungu lililonse tinkasonkhana pansi pa mtengo, wina n'kuwerenga mawu a tsikulo, tipemphere, tisonkhe kaufa ka odwala. Sitinkanena kuti izi zalowa m'malo mwa Misa. Tinkadziwa kuti tikusowa kanthu, ndipo njala imeneyo tinkaisunga dala. Chimene ndikuopa pa inu, achimwene, si ntchito ya Lamulunguyo ayi, koma kuti foni ingakupheni njala imeneyo mpaka kuzolowera.

Za Lamulungu lenilenilo, mtima ukhale m'malo. Akhristu oyamba nawo tsikuli linali la ntchito. Mfumu ya Aroma Constantine ndiye anadzalamula mu 321 kuti likhale lopuma. Zisanatero, akapolo ndi amisiri ankasonkhana m'bandakucha kapena madzulo ataweruka. Pa Machitidwe 20 ku Trowa anasonkhana tsiku loyamba la sabata kunyema mkate, nyali zili ngwee, Paulo n'kulalika mpaka pakati pa usiku, mnyamata Utiko tulo n'kumugwira pazenera mpaka kugwa kuchokera pa nyumba yosanja yachitatu. Ine ndikawerenga pamenepo ndimaganiza kuti mwina naye anali atachoka ku ntchito. Ndiye osinza pa benchi sanayambe ndinu.

Kwathu Mpingo umaphunzitsa kuti wolephera Misa pa chifukwa chachikulu, monga matenda kapena kusamala wodwala, alibe mlandu, ndipo Misa ya Loweruka madzulo imawerengedwa ngati ya Lamulungu. Kwanu malamulo ndi ena, koma nzeru yake ndi yomweyo: funani mpata umene ulipo. Mapemphero a m'kati mwa sabata a m'mabairo aliko m'mipingo yambiri. Foliga ya Lachiwiri nayo ndi tsiku la Mulungu.

Mlimi wa ku Furancungo

Nonse mwalankhula za m'tchalitchi. Ine ndilankhule za Lolemba.

Chaka chatha ndinagulitsa chimanga kwa venda wina amene ndi mkulu wa kwaya ku tchalitchi china kuno. Akaimba amatseka maso, dzanja m'mwamba. Ndowa imene amagulira anaimenya pansi mpaka inafutukuka, ndiye iwe umathira, umathira, osadzaza. Imene amagulitsira mu Januwale, njala itavuta, ndi ina, yophwanyika m'mbali. Tsono mundiuze, munthu ameneyu Lamulungu amapembedza ndani?

Amosi anazinena kalekale. Pa mutu 8 akunena za amalonda amene ankadikira kuti Sabata lithe msanga kuti akachepetse muyeso, kukweza mtengo ndi kubera pa sikelo. Pa mutu 5 Mulungu akuti achotsereni phokoso la nyimbo zanu, sindimva kulira kwa zisakasa zanu, koma chilungamo chiyende ngati mtsinje. Sanati nyimbozo zinali zoipa, mwina zinali zokoma kuposa za ku Matundo. Yesu naye anati ukafika ndi mtulo wako paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, usiye mtulowo pomwepo, uyambe wakayanjana naye.

Ndiye makaniko, ine funso langa si loti unalira kapena sunalire. Bawuti ya tayala ija palibe akukuona, umaimanga mpaka kulimba, podziwa kuti woyendetsa galimotoyo ali ndi ana? Anzako akamapopa dizilo usiku kuti akagulitse m'zigubu, iwe umakhala mbali iti? Ndalama ya mwezi ikalowa, amayi aja akuona kanthu? Aroma 12:1 ikuti tipereke matupi athu nsembe yamoyo, ndiko kupembedza koyenera, ndipo thupi lakolo nthawi yambiri limakhala mu ovolosi, osati mu jekete la Lamulungu. Sindikuti usapite ku tchalitchi, ine ndimapita. Koma ndatopa ndi oimba a ndowa ziwiri.

Makaniko wa ku Domwe

Zikomo nonse, sindinayembekeze kuti mundiyankha chonchi. A ku Furancungo, mwandiponda pachilonda pa nkhani ya dizilo. Ine sindipopa, koma ndimaona n'kukhala chete, ndipo kunena kungandidanitse ndi gulu lonse. Imeneyo ndi nkhani ina, ndidzaifunsa payokha.

Achemwali a kiyibodi, ndafunsa mnzanga uja za nyimbo imene imandiliza kwambiri. Akuti imangonena kuti Mulungu sanandisiye pamene ndinali ndekha. Ndiye kapena mtima unamva kale zimene khutu silinamve, kaya.

Pagulu lathu la usiku tilipo okhulupirira angapo, wina Mkatolika, wina wa mpingo wa Assembleia, ndipo nthawi ya tiyi timangokhala aliyense ndi foni yake. Ndiwauza kuti tiziwerengako Salmo limodzi tisanabwerere ku ntchito. Koma agogo a ku Ulongwe, funso latsala: mgonero ndiye ndizidyera kuti? Dzina langa likadali m'buku la kumudzi, ndipo chichokereni kumeneko sindinadyepo. Kodi ndikapitiriza kupita kwa a Pentekosite kuja ndiye kuti ndatuluka mumpingo?

Mkulu wa mpingo, Ulongwe

Kukapemphera ndi abale a mpingo wina si kutuluka mumpingo, koma munthu sangakhale mlendo moyo wake wonse. Payenera kukhala malo amodzi pamene akukudziwa dzina, pamene akulu angakudzudzule ndi kukuika m'manda. Mpingo wathu uliko ku Tete konko. Ukabwera kumudzi ukaonane ndi mlembi wa mpingo akulembere kalata ya msamuko, ukaipereke kumeneko, ndipo uwauze poyera za magwiridwe a ntchito yako kuti asakulembe m'gulu la ojomba. Masiku a mgonero amalengezedwa nthawi ikadalipo, ndiye utha kupempha mnzako musinthane foliga. Ukasankha kukhazikika kwa a Pentekosite, ukatsanzikenso mwaulemu, osangozimirira.

Ndipo amayi ako uwauze zonse, za louvor zomwe. Akalipa pang'ono, koma kuli bwino amve kwa iwe kusiyana ndi kumva kwa anthu obwera pa chapa.